Kalata kwa a Nduna ya Zamtengatenga: wogwira injini ya boti ayambe waphunzira

Olemekezeka a Nduna,

Ndalembera inu, koma ndikufuna amve nawo aphungu a Nyumba ya Malamulo, makamaka a m'mbali mwa nyanja ndi a ku Chigwa cha Shire, pamodzi ndi akuluakulu a nthambi yoona za maulendo a pamadzi. Ine ndine munthu wamba, wokonza injini za maboti pa doko lina kuno ku Nkhotakota. Ndisanagwire sipanala ndinagwira handulo ya boti zaka 11, usiku ku chilimira (khoka la usipa ndi utaka), masana pa matola. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata atasenza Yamaha ya mahosipawa 15, akuti ikutsokomola. Ndevu zinali zisanayambe n'kumera komwe. Ndikuyang'ana injiniyo ndinaona kuti pa kabatani kozimitsira anakulungapo mphira wa chubu cha njinga, kachingwe kofiira kaja kulibe. Ndinamufunsa komwe kali. Anati abwana anakachotsa chifukwa kamangosokoneza. Ndinamufunsanso ngati akudziwa ntchito yake. Anaseka, n'kunena kuti mwina n'kopachikira. A Nduna, kachingwe kameneko dalaivala amakamanga pa mkono kuti akagwera m'madzi injini izime yokha. Kakasowa, boti limapitirira lopanda munthu pa handulo, handuloyo imagwera mbali imodzi, boti n'kumazungulira, kubwerera pomwe pali mutu wa dalaivala wake, pulopela ikutema madzi. M'mawa mwake mnyamatayo anali ndi ulendo wonyamula anthu opita ku maliro.

Sindikumuda mwanayo. Palibe anamuuzapo. Inenso palibe anandiuza. Tsiku langa loyamba pa handulo linafika chifukwa dalaivala wathu anadzuka ndi matsire, mwini boti n'kundiloza ine poti ndinali wamtali kuposa anzanga. Anandionetsa pokokera chingwe, poonjezera moto, polowetsa giya. Sukulu inathera pomwepo. Zina zonse ndinaziphunzira pamadzi, ndipo zina mwa izo ndinaziphunzirira pa mitembo ya anzanga.

Pempho langa ndi lakuti mubweretse ku Nyumba ya Malamulo lamulo lomveka bwino, loti aliyense woyendetsa boti la injini pa Nyanja ya Malawi, pa Malombe, pa Chilwa, pa Chiuta ndi pa Shire ayambe waphunzira za chitetezo cha pamadzi n'kulandira chiphaso, ndipo mwini boti wopereka handulo kwa munthu wopanda chiphasocho aziyankha mlandu. Koma momwe lamulolo lingabwerere ndi nkhani yaikulu kuposa lamulo lenilenilo, ndiye mundilole ndifotokoze.

Ndikudziwa kuti a ku ofesi kwanu akuuzani kuti lamulo lilipo kale. Zoona, Inland Waters Shipping Act ya 1995 ilipo, ndipo imanena za kalembera wa zombo, kuziyendera, ndi ziphaso za oziyendetsa. Ku Monkey Bay kuli sukulu ya za pamadzi imene imasula akapitawo ndi amakaniki a sitima. Koma olowa kumeneko ndi a MSCE ofuna ntchito m'sitima zikuluzikulu. Pa mchenga pathu pano lamulo lija timalimva ngati la Ilala. Pa zaka zanga zonse za pa handulo, palibe ngakhale tsiku limodzi limene munthu anandifunsa ngati ndikudziwa chochita injini ikazima pakati pa mwera. Dalaivala wa minibasi ya anthu 16 amayenera kukhala ndi laisensi komanso chilolezo chapadera chonyamulira anthu, ndipo pakati pa Nkhotakota ndi Salima aimitsidwa kangapo. Boti lathabwa limanyamuka ndi anthu owirikiza kawiri pamenepo, matumba a ufa, simenti, njinga yamoto pamwamba, woyendetsa ali mwana amene dzana ankakapa madzi. Minibasi ikafa anthu amatsika n'kukhala pa mthunzi. Pamadzi mutsikira pati?

Dziko lino linalirapo kale. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, ikadali yatsopano, inagubuduzika ndi mwera kufupi ndi Chitimba, komwe azungu ankati Florence Bay, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Pa sitima zikuluzikulu phunziro linalowa: Ilala inayamba ntchito mu 1951, ndipo yayenda zaka zoposa 70 m'manja mwa anthu ophunzitsidwa. Maliro a masiku ano akuchokera m'maboti ang'onoang'ono. Pa Isitala wa 2017 boti lodzaza ndi anthu oposa 70 ochokera ku mapemphero linagubuduzika ku Mlowe m'boma la Rumphi. Mu Epulo 2023 anthu opita ku maliro anamira pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji. Mwezi wotsatira, ku Nsanje, mvuu inagunda bwato wonyamula anthu 37 owoloka Shire, anthu oposa 20 n'kusowa. Kwa anansi athu ku Mozambique, mu Epulo 2024, boti la usodzi limene linasandutsidwa la matola linamira m'chigawo cha Nampula n'kupha anthu pafupifupi 100. Boti la usodzi kusanduka la matola, kwathu kuno ndi nkhani ya tsiku lililonse.

Wina anena kuti bwato wa ku Nsanje unali wopalasa, ndiye lamulo la injini silikanaukhudza. N'zoona. Ndayambira pa injini chifukwa ndi pomwe pali ndalama, liwiro ndi mtunda, komanso mwini wake amadziwika. Koma aliyense wonyamula anthu molipiritsa, kaya pa Mtayamoyo, kaya pa Kachulu popita ku Chisi, ayenera kudzalowa nawo m'kalasi momwemo.

Taonaninso mawu amene amabwera pa wailesi ngozi ikachitika: “anthu pafupifupi akutiakuti.” Pafupifupi. N'chifukwa chakuti ponyamuka palibe anawerenga. Ofufuza amakhala masiku akusaka osadziwa kuti akusaka angati, ndipo mayi amangozindikira kuti mwana wake anali m'botimo poona kuti sakubwera. Kope la sukulu ndi cholembera pa doko zikanathetsa zimenezi.

Anzanga a pa doko akamva kuti ndalemba kalatayi andinena. Ndikuwamva kale: ife tinabadwira pamadzi, wa tayi wa ku Lilongwe atiphunzitsa chiyani? Mbali ina akunena zoona, ndipo ndikupemphani muwamvere. Pali madala pano amene amayang'ana mitambo pa mapiri a kutsidya ku Mozambique n'kukuuzani kuti pofika masana nyanja ikhala itakwiya, ndipo sizilephera. Amasiyanitsa utsi ndi nkhungu zili kutali. Amadziwa mpoto wa nthawi ya dzinja, umene umabwera mwadzidzidzi ndi mphezi, ndi vuma wa kum'mawa. Nzeru imeneyo simungaipeze m'buku.

Koma nzeruyo inakulira mu bwato wa nkhafi. Wopalasa amapita pomwe mapewa ake angamubweze, ndipo akamafika pa msinkhu wopita kutali amakhala atatha zaka pambali pa bambo ake kapena amalume. Injini inadula zonsezo. Mwana wa zaka 15 atha kufika pakati pa nyanja, pomwe mapiri a kwathu akuoneka ngati utsi, mu ola limodzi kapena awiri. Nsomba za kufupi zinachepa, ndiye aliyense akuthamangira kwakuya, ndipo nyanja ino pena ndi yakuya mamita 700. Chinanso, ambiri mwa anyamata a m'maboti lero si a kunyanja. Atsika ku Ntchisi, ku Dowa, ku Kasungu kudzasaka ganyu fodya atawagwiritsa fuwa la moto. Ena sadziwa n'kusambira komwe, koma amachita manyazi kunena. Amenewa sanabadwire pamadzi, ndipo pakatha miyezi itatu mumawapeza ali pa handulo.

Zoti aphunzire si zambiri, ndipo si za masamu. Chachikulu ndi katundu. Boti limamira likadali pa doko, kungoti madzi amadzamaliza kutsogolo. Ngati pakati pa madzi ndi mlomo wa boti pangotsala chikhatho chimodzi, funde loyamba lolowa limalitsitsanso, lachiwiri limalowa mosavuta kuposa loyamba, wokapa n'kulephera kupikisana nalo. Ndipo madzi akakhala m'kati amathamangira mbali imene boti lapendekera, kuonjezera kupendekerako. Apa ndi pomwe anthu amadzidzimuka, kuimirira, kukhamukira mbali inayo onse pamodzi, boti n'kutembenuka ndi iwo eni. Dalaivala wophunzira amaika zolemera pansi ndi pakati, amakhazika anthu pansi asananyamuke n'kuwauza kuti zivute zitani asaimirire. Boti lililonse lonyamula anthu likanakhala ndi mzere wa penti m'mbali, woti ukamira ngakhale agogo opita ku chipatala aone okha kuti apa sipokwera, ndi nambala ya anthu yolembedwa poonekera.

Kenaka mafunde. Mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, ndipo popeza nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550 motsata njira ya mphepoyo, funde limakhala ndi mtunda wokulira. Funde sulipatsa nthiti za boti. Umalilandira chakutsogolo mopendeketsa pang'ono, moto utachepetsa. Likamachokera kumbuyo ndiye loopsa mwakachetechete, chifukwa limanyamula kumbuyo kwa boti n'kulikhotetsa mwadzidzidzi. Ndipo injini ikazima, boti limadzitembenuza lokha kupereka nthiti ku mafunde. Mankhwala ake ndi a mtengo wa ndowa: kumanga ndowa yolimba ku chingwe chachitali, kuiponya m'madzi chingwecho chitamangidwa kutsogolo kwa boti. Ndowayo imakoka, mutu wa boti n'kumayang'ana ku mphepo pamene wina akupukuta pulagi. Ine ndinazimva kwa mdala wina amene anagwirapo ntchito m'sitima, nditayendetsa kale zaka 6. Ndikanazidziwa kale, usiku wina sitikanataya mnzathu amene dzina lake sindilitchula muno.

Za mafuta ndiye ndi za ku ntchito kwanga. Injini zambiri zimene zimazima panyanja sizikhala zowonongeka. Mwina petulo watha chifukwa mwini boti anayeza wongofikira, kuiwala kuti pobwerera moyang'anana ndi mphepo injini imamwa kwambiri. Mwina ndi petulo wa m'zigubu wogula kwa mavenda nthawi ya kusowa kwa mafuta, wokhala ndi madzi pansi. Mwina oyilo anathira mongoyerekeza, pulagi n'kuda. Oyenda pamadzi ali ndi lamulo lakalekale: mafuta uwagawe patatu, gawo lopitira, gawo lobwererera, gawo lachitatu losakhudza. Onjezani pulagi yapadera, sipanala yake, nkhafi ziwiri, nangula, tochi, ndi foni yokulunga mu pulasitiki. Ndaonapo munthu akuyatsa fodya atakhalira chigubu cha petulo.

Usiku maboti amayenda mu mdima wa ndiweyani, opanda nyali, kudalira makutu, injini ikulira. Ndi angati akudziwa kuti nyali yofiira pa sitima ndi ya kumanzere, yobiriwira ya kumanja, ndipo ukaziona zonse ziwiri pamodzi ndiye kuti ikubwera pa iwe? Kapena kuti maboti awiri akakumana maso ndi maso aliyense akhotere kumanja kwake? Ilala ilibe mabuleki. Ikaima patali ndi gombe, monga imachitira kuno, timaboti timaizinga kulimbirana anthu ndi katundu, ndipo pamenepo pokha pakufunika phunziro lakelake.

Boti likatembenuka, ambiri amafa chifukwa chosiya botilo n'kuyamba kusambira kulunjika ku magetsi a kumtunda, amene usiku amaoneka pafupi ali kutali. Boti lathabwa kawirikawiri limayandama ngakhale litadzaza madzi, ndipo osaka amaliona msanga kuposa mutu wa munthu. Majekete oyandamitsa ndi ofunika, ndipo ndikanakonda mutawachotsera msonkho wa pa chipata kuti atsike mtengo. Koma poyembekezera majekete, chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotseka bwino chimanyamula makilogalamu pafupifupi 20 m'madzi, zokwanira kusunga mutu wa munthu wamkulu pamwamba. Zigubu zili m'boti lililonse. Chosowa ndi wowauza anthu kuti azimangirire tizingwe togwirira n'kusazitsekera pansi pa matumba. Ndipo womira akavuulidwa, pa doko pathu timathamangira kumuzondotsa ndi kumupsinya pamimba kuti asanze madzi, nthawi n'kumatha, pomwe chofunika ndi kumupumira mkamwa ndi kumudinikiza pachifuwa. Namwino mmodzi wa pa chipatala chaching'ono angaphunzitse zimenezi masana amodzi.

Zonsezi, kuphatikizapo za mowa ndi chamba pa handulo, za mvuu ya mwana ku Shire, ndi kumvetsa chenjezo la a zanyengo akati mafunde afika mamita 2, zitha kulowa m'masiku atatu kapena anayi.

Tsono mantha anga ndi awa, a Nduna. Taona zimene zachitika ndi akabaza a njinga zamoto. Boma lakhala likulengeza masiku omaliza olembetsa ndi kutenga malaisensi, anyamata n'kumadandaula mtengo ndi kutalika kwa maofesi, mapeto ake ambiri akuyendabe opanda pepala, akaona yunifolomu n'kukhotera m'makwalala. Mukangolemba kuti wopanda chiphaso alipire chindapusa, koma kophunzirira kuli ku Monkey Bay kokha, fomu ili m'Chingerezi, malipiro ake ofanana ndi phindu la mwezi wonse, ndiye kuti simunapange lamulo la chitetezo. Mwangotsegula lodibuloko ina pa mchenga, pomwe kangachepe kazidutsa m'manja, boti lodzaza lija n'kunyamuka ndithu. Phunzitsani kaye, kugwira kubwere pambuyo.

Sukuluyo ibwere ku doko. Aphunzitsi a ku Monkey Bay ndi a sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe asule anthu a m'madera momwemo, ndipo pakati pa ophunzitsawo pakhale madala aja odziwa mitambo, kuti anyamata aone kuti si nzeru za alendo zokha. Chilankhulo chikhale cha pamalopo: Chichewa kuno, Chiyao ku Makanjira ndi ku Malombe, Chitonga ku Nkhata Bay, Chitumbuka ndi Chinkhonde kumtunda uko, Chisena ku Nsanje, Chilomwe ku Chilwa. Mayeso akhale a pakamwa ndi a m'boti. Munthu aonetse kuti atha kutola mnzake wogwera m'madzi osamutema ndi pulopela, osati kuti atha kulemba dzina la chitsulo chilichonse. Dalaivala wabwino kwambiri amene ndinamudziwapo ankasayina ndi chala. Nthawi yake iliponso: mu Novembala ndi Disembala, pomwe makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, anthu ambiri amakhala pamtunda akusoka maukonde.

Oyang'anira musawasake kutali. Apolisi a pamadzi ndi ochepa, sangakhale pa doko lililonse m'bandakucha. Koma ma BVC, makomiti a m'midzi oyang'anira za usodzi, alipo kale pafupifupi pa gombe lililonse, amadziwa boti lililonse ndi mwini wake, ndipo mafumu ali pomwepo. Amene akukayika ngati anthu a kunyanja angasunge lamulo apite ku Mbenji ku Salima. Kwa zaka makumi ambiri a Mfumu Makanjira akhala akutseka usodzi pa chilumbacho kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, mowa ndi chamba n'zoletsedwa, ndipo wolakwa amathamangitsidwa pachilumbapo. Asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo ndipo amaona phindu lake. A nthambi ya za usodzi nawonso amadula kale malaisensi a zida chaka ndi chaka. N'chiyani chingalepheretse kuti mwini boti la injini podula laisensi aonetsenso chiphaso cha dalaivala wake?

Pa mwini boti ndiye ndikufuna mutsindike cholembera. Mnyamata wa pa handulo si amene amalamula. Mwera ukawomba masiku atatu usipa umakwera mtengo, ndipo ndi tsiku lomwelo bwana amati lowani, iye atakhala pa mpando kunyumba. Dalaivala akakana, pali anyamata khumi pa mchenga odikira handulo yomweyo. Okwera nawonso sathandiza: ukawauza kuti boti ladzaza amakutukwana, amati ukudzimva, maliro sadikira. Chiphaso chikakhala chokakamiza, bwana sangangotola aliyense, ndiye mawu a dalaivala amayamba kulemera. Lamulo linene poyera kuti pamadzi mawu omaliza ndi a dalaivala, kuti kumuchotsa ntchito chifukwa wakana kunyamuka pa chenjezo la mphepo kapena ndi katundu wopyola mzere ndi mlandu, ndipo ngozi ikachitika woyamba kufunsidwa akhale mwini boti. Zimenezi zikhudzenso maboti a malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay, a mipingo, a mabungwe, ngakhale a boma amene.

Mufunsa za ndalama. Mu mtengo wa lita iliyonse ya petulo muli msonkho wokonzera misewu, umene umapita ku Roads Fund Administration. Mwini boti amaulipira pa lita iliyonse, chaka ndi chaka, chonsecho boti lake silinapondepo phula. Sindikuti mumubwezere. Ndikuti kachigawo kochepa ka ndalama imeneyo kabwerere ku madzi, kalipire aphunzitsi, penti ya mizere ndi makope a pa doko, kuti maphunziro oyamba akhale aulere kapena a mtengo wa ndowa imodzi ya usipa.

Ndipo musatigwetsere zonse tsiku limodzi. Mwana wanga anandiwerengera pa foni za ku New York, ku America. Mu 2005 mtsikana wa zaka 11, Brianna Lieneck, anafa maboti atagundana kufupi ndi Long Island. Mayi ake sanagone mpaka mu 2019 pomwe lamulo lotchedwa dzina la mwanayo linasainidwa. Chimene chinandigwira mtima ndi kayendetsedwe kake. Mu 2020 anayamba ndi obadwa mu 1993 kapena pambuyo pake, n'kumakwera ndi misinkhu pang'onopang'ono, mpaka pa 1 Januwale 2025 pomwe aliyense woyendetsa boti la injini anayenera kukhala ndi chiphaso. Ngati anthu a ndalama zawo anadzipatsa zaka zisanu, ife tisadzinamize kuti titha pa miyezi itatu. Kwathu kuno ndikanayamba ndi onyamula anthu, kenaka achinyamata onse ongoyamba kumene, madala a chilimira n'kumalizira.

Bungwe la United Nations linasankha 25 Julayi kukhala tsiku lokumbukira kupewa imfa za kumira m'madzi. Kwathu tsikuli limagwa pakatikati pa mwera, masiku asanu lisanafike tsiku la Vipya. Chaka chino musalichitire mu hotela. Bwerani pa doko lililonse limene mungasankhe, cha m'ma 4 koloko madzulo maboti akamanyamuka, opanda mdipiti wa galimoto woti anthu abise zobisa. Muwerenge nokha mitu m'boti, muyang'ane pomwe madzi afika, mufunse wa pa handulo zaka zake.

Mnyamata uja ndinamupezera kachingwe kena, ndinamumanga nako pa mkono, tinayesa kawiri pa madzi osaya kuti aone injini ikuzima. Anasangalala, anati akauza anzake. Lachisanu lapitali ndinaona boti lawo likukankhidwira m'madzi, anthu ali thithithi. Nditayandikira ndinapeza mphira uja wabwerera pa kabatani. Anandiyang'ana, n'kuloza ndi mlomo kumtunda komwe abwana ake anaima.

Ine wanu,
Wokonza injini za maboti,
Nkhotakota